Ndemanga ya kasamalidwe ka bwalo la gofu m'dzinja ku chigwa cha Shire

Ndasewera gofu dzinja lonse lapitali, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pa kalabu ina kuno ku chigwa cha Shire, ndipo ndemanga yangayi ikukhudza ntchito ya anthu osamalira bwalo, popeza phindu la ndalama ya umembala imene timalipira limaonekera m'manja mwawo.

Munthu amene sanapondepo makande sangamvetse vuto limene anthuwa amalimbana nalo. Dothi lakudali likamwa madzi limafufuma n'kumamata ngati phula, ndipo likauma limang'aluka ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Choncho phazi kapena tayala likadinda pa makande onyowa, chidindocho chimauma momwemo, ndipo mpira wa mnzako udzagweramo ngakhale mu Juni. Malonso ndi athyathyathya, moti madzi alibe kothawira kupatula ngalande. Ndinasangalala kuona kuti ngalande zonse anali atazikumbanso mu Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuno limaswa mtengo, osadikira kuti mvula iwadzidzimutse. Ife amene tinaona zimene anachita namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 ku Chikwawa ndi ku Nsanje sitiona kukonzeka koteroko ngati nkhani yamasewera.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene amasamalira ma green, malo a udzu waufupi kwambiri pamene pamakhala dzenje lolowetsamo mpira. Mvula isanakhazikike anaboola timabowo tambirimbiri pa green iliyonse n'kuthiramo mchenga kuti madzi azilowa msanga ndiponso mizu ya kapinga izipeza mpweya. Kwa milungu iwiri mpira unkadumphadumpha ndipo ambiri tinang'ung'udza, ine ndemwe, koma mu Januwale tinaona phindu lake, pakuti mvula ikagwa usiku wonse, pofika masana zithaphwi zinkakhala zitaphwa. M'masiku a mvumbi ankatchetcha udzu motalikirapo, ndipo dzenje ankalisunthira kumbali yokwera kuti mapazi asamaunjikane pamalo ofewa.

Akuluakulu oyang'anira bwalo saopa kukaniza munthu, ndipo pamenepa ndikuwayamikira. Pansi pakafewa amaletsa ngolo zokokera zikwama, namanga zingwe mozungulira malo olowera pa green. Tsiku lina ndinadula njira podutsa pansi pa chingwe, ndipo bambo wina wachikulire amene ankasalaza mchenga anandiitana mwaulemu, nati, “Bwana, pepani, mukadutsa pamenepo anzanu khumi akutsatirani, ndipo mawa pakhala mpita wa ng'ombe.” Ndinachita manyazi. Bambo yemweyo ndiye anandiphunzitsa kukonza kachibowo kamene mpira umasiya ukagwa pa green yonyowa. Kafoloko kakang'ono kokonzera timabowoti kamalowetsedwa m'mphepete mwa kachibowoko n'kukankhira udzu pakati, kenaka n'kupsinja pang'ono ndi putter, ndodo yogubuduzira mpira m'dzenje. Kwa zaka zambiri ndinkatukula dothi kuchokera pansi, osadziwa kuti ndikudula mizu.

Pa bolodi la zidziwitso anamatapo malamulo a m'nyengo ya mvula m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Anakumbutsa kuti mpira ukagwera m'chithaphwi, kapena ukazama m'chibowo chake pa udzu, wosewera amaloledwa kuuchotsa popanda chilango n'kuugwetsa kuchokera pa msinkhu wa bondo, monga mmene malamulo a gofu akhala akunenera kuyambira 2019. Izi zinathandiza, chifukwa ambiri amene amakumba matope ndi ndodo amatero poganiza kuti kusuntha mpira n'kubera.

Chodandaula ndili nacho. Uthenga woti bwalo latsekedwa umafika mochedwa pa gulu la WhatsApp. Loweruka lina mu Febuluwale mlendo wanga anatsika mapiri a Thabwa kuchokera ku Blantyre mbandakucha, n'kudzamva za kutsekako atawoloka kale mlatho wa Kamuzu. Chiganizo chotseka chinali choyenera, pakuti ndinaona ndekha madzi ali nde pa fairway, njira ya udzu wotchetchedwa yopita ku green, koma mvulayo inali itayamba dzulo lake madzulo, ndipo akanatha kutichenjeza usiku womwewo. Maenje awiri a mchenga anakhalanso ndi madzi pafupifupi mwezi wathunthu, mpaka achule anaikiramo mazira, kusonyeza kuti mapaipi ake apansi anatsekeka.

Umembala ndalipiranso chaka chino, ndipo m'thumba mwanga simusowanso kafoloko kaja. Amene akufuna kudzasewera kuno pakati pa Januwale ndi Malichi ayambe aimba foni asananyamuke, ndipo abwere ndi chikwama chopepuka chonyamula paphewa, chifukwa ngolo adzaisiya pa geti.