Miyezi 14 ndi Probox yanga ya petulo: nkhani ya oyilo

Alamu anga, amene agula Hilux ya dizilo posachedwapa, anandifunsa sabata yatha kuti azisintha oyilo pakatha makilomita angati, ndipo funso limeneli landikumbutsa zimene ndadutsamo ndi Toyota Probox yanga. Galimotoyi siimwa mafuta ambiri, imanyamula katundu bwino, ndipo masipeya ake sasowa mu Lilongwe. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Vuto linachokera kwa amene anandigulitsa. Iwo ananditsimikizira kuti anali atangopanga sevisi ndi kuthiramo oyilo wa synthetic wotha kuyenda makilomita 10,000, ndipo ndinakhulupirira chifukwa malangizo a Toyota a ku Japan amalola mpaka makilomita 15,000 kapena chaka chimodzi. Chimene sindinalabadire ndi chakuti malangizo omwewo amadula nthawiyo pakati, kufika pa makilomita 7,500 kapena miyezi 6, ngati galimoto ikuyenda m'misewu yokumbika kapena maulendo afupiafupi. Ine ndimakatenga mtedza ndi soya m'midzi ya ku Mitundu, kumene fumbi limalowa ngakhale m'mano.

Nditayenda makilomita pafupifupi 8,000, kanyali ka oyilo kanayamba kuchedwa kuzima m'mawa, injini ikumveka kugogoda ndikangoiliza. Makaniko atatsegula pothirira oyilo anapalapo ndi chala n'kundionetsa zakuda zonanda ngati phula, kenako anamasula fyuluta n'kupeza kuti inali yakalekale, yongopukutidwa kunja. Zonandazo zinali zitatseka kasefa kamene pampu imakokera oyilo. Kumasula sampu (beseni la pansi pa injini limene mumakhala oyilo), kutsuka, ndi kuthira oyilo watsopano kawiri kunandidyera ndalama zokwanira sevisi zitatu. Nditabwerera kwa wogulitsa ndi fyuluta ija m'jumbo, anandiyankha kuti galimoto ikatuluka pageti nkhani yatha, ndipo masiku amenewo ndinkafuna kungoigulitsa.

Mtima unakhala pansi nditaona kuti injini sinawonongeke. Panopa ndimasintha oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 aliwonse, oyilo ndimagula ndekha, ndipo ndimaimirira pomwepo botolo likamatsegulidwa.

Alamu ndinawauza kuti nawonso asapitirire 5,000, ndipo asadabwe oyilo akada patangopita masiku ochepa, poti injini ya dizilo imatulutsa mwaye wambiri umene oyiloyo amanyamula. Anakwinya nkhope atamva kuti injini yawo imalowa malita pafupifupi 7 pamene yanga siimaliza malita 4, koma nditawaonetsa lisiti ya kugalaja ija anapempha nambala ya makaniko wanga. Galimotoyi ndingaigulenso, koma osati pamalo paja.