Kapaki ka ana tinapitako pa Mother's Day, nyenyezi 4 pa 5

Ife timakhala ku Ndirande ndipo amene mumakudziwa mukudziwa kuti poti mwana asewerepo palibe, nyumba zinachita kuthinana, mpira wachikulunga amakankhira mumsewu momwe mukudutsa akabaza a njinga zamoto, kholo mtima umangokhala uli m'mwamba tsiku lonse. Ndiye pa 15 October ndinawatenga ana anga awiri ndi kamwana ka achemwali kupita kukapaki kena mbali ya ku Namiwawa komwe anzanga a kutchalitchi amakakamba.

Ndalama yolowera siyoboola m'thumba ayi, koma jampingi kaso, chinyumba chopopa mpweya chomwe ana amadumphamo, mumalipira payokha, izi pageti sanatiuze ndiye mutengeko kenakake kapadera.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi kapinga. Wobiriwira bwinobwino mu October muno pomwe kwathu kuli fumbi lokhalokha, zikuoneka kuti amathirira. Mwana wanga wamkazi wazaka 4 anavula nsapato n'kuima kaye phee kumangoyang'ana kumapazi, akuti amama zikundigirigisha, kenako anayamba kugubuduka mpaka diresi lonse linadzadza timaluwa ta jakaranda tomwe tinali titayoyoka pansi. Ndinakhala pabenchi pamthunzi phiri la Ndirande likuoneka uko, kwa maola atatu sindinakuwe ndi kamodzi komwe kuti choka kumsewu iwe. Anzanga kupuma kotero ndinali nditakuiwala.

Akatungwe alipo anayi koma ogwira ntchito ndi atatu, winayo tcheni chinaduka anangomanga ndi waya, ndinamuletsa mnyamata wanga kukwerapo. Sulaidi ndi yachitsulo ndipo ili padzuwa, ikamakwana 12 koloko imatentha ngati chiwaya, kamwana ka achemwali kanatsetsereka kamodzi kokha n'kutsika kakulira kakugwira kumbuyo. Chonde eni malo ikanipo kadenga kapena muisunthire pansi pa mitengo, mitengo ilipo yambiri. Makolo anzanga bwerani m'mawa kapena cha m'ma 3 dzuwa litapepa.

Kumapeto kuli kagalaundi ka netiboli ndipo atsikana ena anajambula phada pansi, mwana wanga wamkulu uyu amene sasiya foni yanga anasewera fulaye ndi ana oti sakuwadziwa mpaka thukuta kamukamu.

Zimbudzi zinali zosesa koma mpopi sumatuluka madzi, anaika mgolo ndi ndowa pakhomo, sopo panalibe. Tengani wanu ndi tishu yemwe. Zakudya amalola kubwera nazo, ife tinanyamula mpunga wa nkhuku ndi thobwa m'chigubu tinayala chitenje pakapinga, mafilizesi ndi tchipisi akugulitsa pageti pomwepo. Mabini ndi awiri okha ndiye pofika madzulo majumbo anali mbwee, apa ndife alendofe olakwanso.

Agogo amene amalondera pageti ndiwathokoze mwapadera. Kamwana kena kanathamangira kunja kutsatira wogulitsa mabaluni, anakagwira padzanja n'kuyenda nako benchi ndi benchi kufunsa mwana uyu ndi wandani mpaka mayi ake anapezeka.

Tidzapitanso masukulu akatsekera mu December ngati mvula ingatilole. Katungwe uja akadzakhala atamukonza ndidzabweranso pano kuonjezera nyenyezi yotsalayo.