Thovu lofufuma, simenti kapena silikoni: mpata uwu titseke ndi chiti?

Chitseko changa cha kubafa chinakana kutsekeka m'mawa wina, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Dzulo lake ndinali nditapopera thovu lofufuma mumpata wa pakati pa felemu ndi khoma mpaka kudzaza thoo. Usiku thovulo linapitiriza ntchito yake ine ndili mtulo, linakankha felemu ya thabwa, pakati pake n'kupindika ngati uta. Ndinatha theka la tsiku ndikukumba ndi mpeni zimene ndinathira m'mphindi ziwiri. Kuyambira pamenepo, ndikaona mpata sindithamangira chitini cha thovu. Ndimayamba ndaona kukula kwake, ngati mbali zake zimasuntha, komanso ngati pamafika dzuwa, madzi kapena moto.

Thovu limeneli ndi polyurethane, mankhwala amene Otto Bayer ndi anzake anatulukira ku Germany mu 1937. M'chitini limakhala lamadzimadzi, ndipo limafufuma ndi kuuma likakumana ndi chinyezi. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amayamba wawaza timadzi pakhoma louma asanapopere. Mukapanda kutero mumpata waukulu, kunja kumauma bwinobwino koma m'kati mukadali momata. Pakapita mphindi ngati 10 limachita khungu, pakapita ola limodzi mukhoza kulidula, koma kulimba kwenikweni dikirani mawa lake. Chitini cha mamililita 750 chimatulutsa thovu la malita apakati pa 30 ndi 45. Ubwino wake wagona pomwepo, ngozi yakenso pomwepo.

Wopikisana nalo wamkulu ndi matope a simenti ndi mchenga, ndipo simenti sindiyinyoza ayi. Ikauma yauma: dzuwa siliyiopseza, moto suyitentha, khoswe akafikapo amabwerera. Ngati bowo lili pakati pa njerwa ndi njerwa, kapena pamene munaboola khoma la kunja podutsitsa paipi, simenti ndiye mwini malo. Vuto lake n'loti siyidziwa kugonja. Thabwa limatupa kukakhala chinyezi n'kubwerera kukauma, chitsulo ndi aluminiyamu zimatanuka kukatentha, pamene simenti imangoti njii. Pakapita miyezi ingapo mumaona kamng'alu konga tsitsi kakutsata felemu kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mphepo, fumbi ndi nyerere zapeza msewu. Chinanso, mpata ukakhala wakuya ndi wokhotakhota, matope amangotseka pakamwa, m'kati muli mphako. Apa thovu limapambana popanda mkangano, chifukwa limayenda lokha kukafika kumene chala sichifika, limamatirira thabwa, njerwa ndi chitsulo, ndipo limalolera pang'ono zinthu zikamasuntha. Limatchinganso kutentha ndi kuzizira, zimene simenti siyitha kwenikweni.

Koma musalipatse ntchito yonyamula katundu. Felemu imagwidwa ndi masikuluu kapena zitsulo zomangira m'khoma. Ndaonapo zenera loikidwa ndi thovu lokha, mwini wake akunyadira kuti lagwira, koma ukaligwedeza ndi dzanja limavomera.

Silikoni, chomatira chija chimene chikauma chimakhala ngati labala, ndi nkhani ina. Anthu amakonda kumuyerekeza ndi thovu ngati awiriwa akulimbirana ntchito imodzi, chikhalirecho thovu ndi lodzaza m'kati ndipo silikoni ndi khungu la pamwamba. Mpata wopyapyala, wosafika sentimita imodzi, ndi wa silikoni. Kapaipi ka thovu sikalowamo n'komwe, mungodetsa khoma. Pamene pamakhala madzi tsiku ndi tsiku, monga m'mbali mwa sinki, pakona ya matailosi a kubafa kapena m'mphepete mwa galasi, palibenso chofunsa. Silikoni amatanuka, madzi sam'lowa, dzuwa amalipirira zaka zambiri. Amene amatseka denga lodontha ndi thovu amasangalala mvula ziwiri zoyamba basi. Thovu likadulidwa timaboo take timatseguka, limayamba kumwa madzi, ndipo malata amachita dzimbiri mobisika kunsi kwake.

Silikoninso ali ndi nthenda zake. Penti sam'gwira, imangosenda. Ndiye pali mitundu iwiri imene ambiri sayisiyanitsa pogula. Wina amanunkha ngati viniga akamauma, chifukwa amatulutsa asidi, ndipo ameneyu ndi wa pagalasi ndi matailosi. Pachitsulo amayambitsa dzimbiri, pasimenti sagwira bwino. Pamalo oterewa funani wolembedwa kuti neutral. Ngati mpata uli m'nyumba, pouma, ndipo mudzapenta, monga pamene siling'i yakumana ndi khoma, tengani chomatira china chotchedwa akiriliki: ameneyu amalandira penti, amapukutika ndi kansalu konyowa, kungoti amafota pang'ono akamauma ndipo kubafa sakhalitsa.

Chimene chimapha thovu msanga ndi dzuwa. Lisiyeni poyera muone: limayamba chikasu, kenako limaderako, kenako mukalikanda ndi chikhadabo limayoyoka ngati ufa wa chiswe. Simudikira zaka zambiri kuti muone zimenezi. Choncho kunja kwa nyumba thovu lokha si ntchito yomaliza. Mulidule ndi mpeni lilowe m'kati pang'ono, pamwamba pake mupake pulasitala, silikoni kapena penti yokhuthala. Ine pazenera la kunja ndimagwiritsa ntchito zonse ziwiri, thovu m'kati, chomatira chotanuka pamwamba.

Za makoswe ndi mbewa musadzinamize. Thovu kwa iwo ndi chofunda, amalitafuna usiku umodzi n'kudutsa. Ngati mukutseka njira yawo, yambani mwakanikiziramo waya wa sefa kapena steel wool (timawaya totsukira mapoto), thovu libwere pambuyo kudzagwira wayayo. Bowo likakhala pansi, pafupi ndi nthaka, bwererani ku simenti.

Pamoto m'pamene ndimaumirira kwambiri. Mpweya umene umakankha thovu m'chitini nthawi zambiri ndi propane ndi butane, womwewo wophikira, ndiye kandulo, ndudu kapena wowotcherera zitsulo asakhale pafupi, ndipo mazenera akhale otsegula. Likaumanso limayaka, utsi wake ndi woipa, ndipo kutentha kopitirira madigiri 90 limayamba kuwonongeka. Pozungulira chumuni kapena paipi yotulutsa utsi si malo ake. Pamenepo pamafunika rock wool, ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala yosungunula, umene umapirira mpaka madigiri opitirira 1,000. Lilipo thovu lolembedwa B1, kawirikawiri lofiirira, koma chizindikiro chimenecho chimangotanthauza kuti limavuta kuyaka. Sichikutanthauza kuti mungaliike pamoto.

Malo ena si otseka n'komwe. Timaboo ta pansi pa felemu ya aluminiyamu anatisiya dala kuti madzi azitulukira, ndipo mipata yolowetsa mpweya kudenga ndi imene imaletsa matabwa kuwola. Munthu akagwira chitini dzanja limayabwa, amafuna kutseka paliponse pakuwala.

Pakati pa mathovu okhaokha palinso kusankha. Lofufuma kwambiri ndi la mabowo aakulu amene mbali zake ndi zolimba. La mazenera ndi zitseko limafufuma pang'ono, ndipo ndi limene ndinayenera kugula tsiku lija. Lobwera ndi kapaipi kapulasitiki ndi la munthu wa ntchito imodzi: limatuluka mwaphuma, ndipo mukalisiya masiku angapo kapaipi kamatsekeka, lotsalalo n'kutayika. Lomangirira pachipangizo chopopera chimene amati mfuti limatuluka monga mwafunira, mzere woonda kapena wonenepa, ndipo chitini chimadikira ntchito ina. Ngati mazenera ndi opitirira awiri kapena atatu, mfuti imabweza ndalama zake, bola muziitsuka.

Chitseko chija ndinachikonza chonchi. Ndinachotsa thovu lonse, ndinaongola felemu, n'kupingasa timatabwa titatu m'kati mwake, pamwamba, pakati ndi pansi, kuti isasunthenso. Ndinamata tepi m'mbali, ndinawaza madzi, ndinakhutchumula chitini kwa mphindi yathunthu, n'kuchizondotsa. Ndinayambira pansi kukwera m'mwamba, kuthira gawo limodzi mwa magawo atatu a mpatawo, lotsalalo thovu linadzaza lokha. Timatabwa ndinatichotsa mawa lake, chitseko n'kutsekeka ndi chala chimodzi. Chimene ndinaiwala ndi magolovesi. Thovu laliwisi limachoka ndi acetone, mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, koma likauma palibe mankhwala a m'nyumba amene amalisungunula, ndipo madzi amangolithandiza kuuma msanga. Ndinathamangira kumpopi, ndiye zala zanga zinakhala zakuda bii sabata yonse mpaka khungu linasupuka lokha.