Makapisozi a black cohosh ogula mu famase kuno ku Harare, ndawamwa ndipo ndawaona chonchi

Amayi anzanga amene mwafika msinkhu wosiya kusamba, makapisozi azitsamba amene adzadza m'mafamase mtauni muno aja ndawamwa kwa miyezi ingapo, nde ndati ndilembe mmene ndawaonera poti ambiri mumandifunsa tikamaweruka kutchalitchi ku Highfield koma pagulu paja munthu sungafotokoze zonse azibambo akudutsa. Pa nyenyezi 5 ine ndikuwapatsa 3, ndipo imodzi mwa zitatuzo ndi ya mtsikana wa mu famase amene anandigulitsa, osati ya botolo ayi.

Botolo lake ndi labulauni, panja anajambulapo mayi akumwetulira, mkati muli zitsamba zitatu zosakaniza: black cohosh, red clover ndi sage. Makapisozi ake ndi akuluakulu ndithu, ukangotsegula chivindikiro kumatuluka fungo la udzu wouma, ndipo ukamwa usanadye kanthu amabwerera kukhosi mpaka masana, nde ine ndimamwa nditadya phala. Mtengo ndi wa madola aku America, botolo la mwezi umodzi ndalama yake ndi yoti kunyumba kwanga igula ndiwo za masiku angapo, komanso si zoti umamwa botolo limodzi basi wachira, likatha ukagulenso lina.

Black cohosh ndi muzu wa chomera cha ku North America, kuno sichimera. Red clover ali ndi timichere totchedwa isoflavones, tomwenso timapezeka mu soya, timene m'thupi timachita zofananako pang'ono ndi estrogen, homoni imene thupi la mzimayi limapanga. Nkhani yonsetu yagona pa estrogen ameneyu. Pakati pa zaka 45 ndi 55 thupi la mzimayi limachepetsa kupanga estrogen, ndiye mbali ya ubongo imene imayang'anira kutentha kwa thupi imayamba kudzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, ndi chifukwa chake umangomva moto wayamba pachifuwa kukwera kukhosi mpaka kumaso, thukuta kamukamu, kenako kuzizidwa ena onse ali bwinobwino. Si ufiti, si malungo, si BP, ngakhale kuti BP nayo ndi bwino kukayezetsa.

Kumbali ya thukuta la usiku ndinene zoona, kunasinthako. Kale ndinkadzuka pilo atanyowa, kusintha naiti, kutembenuza matilesi, magetsi a ZESA atapita fani sakuzungulira, abambo akunyumba nawonso osagona chifukwa cha ine. Pano ndimadzukabe koma sizifika posintha zovala. Kungoti nthawi yomweyo ndinasiyanso tiyi wamadzulo ndi tsabola, ndinayamba kugona ndi naiti ya thonje m'malo mwa zoterera zija, nde thandizoli ndikuligawa pakati, lina la makapisozi lina la zimenezi. Koma kutentha kwa masana, aaa, palibe chimene chasintha olo pang'ono. Mu Okutobala muli mu kombi yodzadza yochokera ku Copacabana, zenera silikutseguka, moto uja ukabwera umabwera ndithu ndipo kapisozi sathandiza kanthu. Kupsa mtima ndi kuiwalaiwala zilipobe. Kuuma kunjira ya abambo, nkhani imene ambiri timachita nayo manyazi pomwe ikusokoneza mabanja, makapisoziwa sanaikhudze m'pang'ono pomwe, chimene chinathandiza ndi mafuta oterera ogula mu famase momwemo pamtengo wotsika kwambiri.

Ndipo zimene ndaonazi sizikusiyana ndi zimene ofufuza anapeza. Mu 2012 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 16 wokhudza amayi 2,027 ndipo linapeza kuti palibe umboni wokwanira woti black cohosh amachepetsa kutentha thupiku kuposa mapilitsi opanda mankhwala. Mu 2023 bungwe la North American Menopause Society nalo silinavomereze zitsamba ndi soya ngati chithandizo cha vutoli. Pa kafukufuku wotere amayi ambiri amamva bwino ngakhale atapatsidwa pilitsi lopanda kanthu, komanso kutenthaku kumakwera ndi kutsika pakokha, nde mnzanu akakuuzani kuti zinamuthandiza sakunama ayi, koma si chitsimikizo kuti inunso zikuthandizani.

Tsopano mtsikana wa mu famase uja, ameneyu ndi amene ndikufuna ndimuyamikire. Ndisanalipire anandiitanira pambali kumene kulibe anthu nkundifunsa motsitsa mawu kuti amayi mukumwa mankhwala ena aliwonse, a BP, a shuga, ma ARV, munadwalapo chiwindi, kwanu alipo anadwala khansa ya m'mawere. Anatenga nthawi ndithu pomwe kumbuyo kwanga kunali mzere. Mafunso amenewa ndi ofunika kuposa botolo lenilenilo, chifukwa tonse timaganiza kuti chinthu chikakhala chachilengedwe ndiye kuti sichingavulaze, pomwe si choncho. Black cohosh anapezeka kuti kwa anthu ena ochepa amavulaza chiwindi, moti ku Britain kuyambira 2006 analamula kuti pamabotolo pazilembedwa chenjezo. Mukamamwa nkuona maso achita chikasu, mkodzo wada, kapena kumanja pansi pa nthiti kukupweteka, siyani pompo mupite kuchipatala. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere asayambe za isoflavones asanalankhule ndi dokotala wawo.

Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa pakati pathu alipo ambiri amene ali pa ma ARV ndipo sanena, ndi ufulu wawo. Mabotolo ena a amayi osiya kusamba amasakanizamo St John's wort ati kuti mtima ukhale m'malo. Chitsamba chimenechi chimapangitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'magazi mwamsanga, nde chimafooketsa ma ARV kuphatikizapo dolutegravir amene ali mu TLD, pilitsi la ma ARV limene ambiri amamwa, chimafooketsa mapilitsi olera, ndi warfarin yemwe, mankhwala oletsa magazi kuundana. Tangoganizani munthu wasunga bwino thupi lake zaka zonsezi osaphonya mankhwala, kenako kachilombo kayambenso kuchuluka chifukwa cha botolo logula ndi ndalama zake, zimandipweteka mtima kwambiri. Ngakhale mapilitsi a calcium ndi a iron amagwira dolutegravir m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi, nde malangizo ake ndi oti ARV amwedwe maola 2 musanamwe calcium kapena maola 6 mutamwa, apo ayi mumwere limodzi pamene mukudya. Funsani anamwino amene amakupatsani mankhwala, musachite manyazi. Komanso achemwali amene mukusambabe modumphadumpha, mimba imathekabe, kusiya kusamba kumawerengedwa pakatha miyezi 12 yathunthu osaona kanthu.

Zogulitsa za pa WhatsApp ndi za m'zikwama zija ndiye ine ayi. Kuno zitsamba zopakidwa ngati izi kuyambira 2015 zimayenera kulembetsedwa ku MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala mu Zimbabwe, ndipo mu famase mukhoza kufunsa ngati botololo linalembetsedwa. Koma wina akubweretserani botolo lopanda mndandanda wa zimene zili mkati, ati limachiza kutentha thupi, shuga, BP, zotupa za m'chiberekero ndi kubweza usinkhu, kenako akuti mulowe gulu muzigulitsanso inu, wotereyo sakufunsani funso limodzi lomwe la mankhwala amene mukumwa.

China chimene makapisozi anga alibe nkomwe ndi cha mafupa. Estrogen akatsika mafupa amayamba kupepuka mwakachetechete, sumva kupweteka mpaka tsiku lomwe waterereka pabafa nkuthyoka dzanja kapena chiuno. Mzimayi wopitirira zaka 50 amafunika calcium wokwana 1,200 mg patsiku, ndipo gawo lalikulu likhoza kuchokera m'mbale. Matemba a ku Kariba amene timagula ku Mbare Musika, ofanana ndi usipa wakumudzi, timadya ndi minga yomwe ndipo calcium ali m'mingamo. Onjezani lacto kapena chambiko, bonongwe, nkhwani wotendera, kuothako dzuwa chifukwa cha vitamin D, ndi kuyenda pansi. Kumeneku ndalama yake imaoneka kumene yapita.

Ndipo chonde, ngati munasiya kusamba chaka chinatha kenako mwaonanso magazi, olo dontho, musagule kapisozi aliyense, pitani akakuoneni. Kuyeza khomo la chiberekero kwa VIAC kumachitika m'zipatala zambiri za boma ndi za khonsolo muno mu Harare ndipo sikutenga nthawi.

Nde kodi ndigulanso? Botolo lili pawindoli likatha sindigulanso lina. Amene kutentha kwawo ndi kwapang'ono, chiwindi chili bwino, sakumwa mankhwala ena ndipo ndalama ilipo, akhoza kuyesa kwa miyezi yochepa ataunikidwa ndi wa mu famase, akaona kuti palibe kusintha asiye. Ine kutentha kwa masanaku kukundisokoneza kuntchito, nde ndalama ya botolo lotsatira ndikusungira dokotala wa amayi kuti tikakambirane za HRT, mankhwala obwezeretsa estrogen aja, amene ndi omwe ali ndi umboni wamphamvu pa vutoli ngakhale si aliyense amene amayenera kumwa. Akandiyeza nkundiuza zotsatira ndidzakuuzani mmene zayendera.