Oyilo wakuda wa mu injini: kusefa, asidi kapena kutcheza?

Oyilo akada mu injini sikuti wafa. Zimene zimatha mphamvu ndi mankhwala omwe amathiramo kufakitale. Oyilo weniweniyo amangodetsedwa ndi mwaye, madzi, dizilo ndi tizidutswa ta zitsulo. Nkhani yagona pa kachotsedwe ka zonyansazo.

M'magalaja ambiri amangomusiya m'dramu kuti adikhe, kenako n'kusefa pansalu. Matope amatsaladi pansi, koma zimene zinasungunukiramo zimadutsa pansaluyo bwinobwino. Woteroyo musamubwezere mu injini ya minibasi kapena ya chigayo, ngakhale atatchipa chotani.

Njira ya asidi ndi yakale. Amathira asidi wa sulfuric, mtundu womwe uli m'mabatire a galimoto koma waukali kwambiri, kuti agwetse zonyansa pansi, kenako n'kuyeretsa ndi dongo lapadera. Makina ake ngotsika mtengo, ndipo oyiloyo amatuluka wowala moti wogula sangakaike. Vuto ndi phala lakuda, la asidi, lotsala pansi pa thanki. Mukalitaya kuti? Likalowa m'nthaka, zitsime zapafupi zatha. N'chifukwa chake mayiko ambiri anaisiya.

Ine ndimavomereza kutcheza. Nzeru yake ndi ya kachasu ija, kungoti amayamba achotsa mpweya m'thankimo kuti oyilo awire msanga asanapserere. Madzi ndi dizilo zimayamba kutuluka, oyilo wabwino n'kutsatira, zitsulo n'kutsalira m'phula la pansi. Akamuyeretsanso ndi mpweya wa hydrogen n'kuthiramo mankhwala atsopano, amafanana ndi watsopano. Bungwe la boma loteteza chilengedwe ku America, la EPA, limati malita pafupifupi 3.8 a oyilo wakuda amapereka malita 2.4 a wabwino, pomwe kuti mupeze omwewo kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi pamafunika malita 159. Koma fakitale yotere imadya ndalama, ndipo imafuna oyilo wobwera tsiku ndi tsiku. Ku South Africa anakhazikitsa ROSE Foundation mu 1994 kuti ilimbikitse kutolera oyilo wogwiritsidwa kale ntchito.

Komwe kulibe fakitale, kuli bwino oyilo wakudayo awotchedwe m'ng'anjo yopangira simenti, yotentha madigiri pafupifupi 1,450, kusiyana n'kumuthira m'chimbudzi kapena kupaka mitengo ya denga poopa chiswe.

Pakadalipano makaniko asunge oyiloyo m'dramu yakeyake yotseka, pamthunzi, osasakaniza ndi mafuta a mabuleki, thina kapena madzi a mu rediyeta. Wosakanizidwa amavuta kuyeretsa, ndipo otolera amamukana.