St. Mary's kapena College Park?

Sukulu ziwirizi zili m'chigawo cha Maryland ku America ndipo zonse n'zaboma, koma ana ambiri akamaliza sekondale mtima umathamangira ku yunivesite ya ku College Park. Kumeneko kuli ophunzira oposa 40,000, sitima ya Metro yokafika ku Washington, mpira woonetsedwa pa TV, komanso digiri ya uinjiniya imene kholo silivutika kuimvetsa. Kuipa kwake, chaka choyamba ungakhale m'holo ya anthu mazana, mphunzitsi osakudziwa n'dzina lomwe.

St. Mary's College ili kumwera kwenikweni, m'mphepete mwa mtsinje, ulendo wa maola pafupifupi awiri pagalimoto kuchokera ku Washington. Ophunzira sakwana 2,000. Ukajomba mphunzitsi amadziwa, ndipo akaweruka ena amakayendetsa mabwato pamtsinjepo. Ineyo ndikanasankha kumeneku.

Komatu dzina lakelo limaipweteka. Ambiri amaganiza kuti ndi ya mpingo wa Katolika, yodula, chonsecho ndi yaboma. Maphunziro ngati filosofi ndi mbiri yakale nawonso amachititsa makolo kufunsa kuti ntchito yake idzakhala iti. Mu 2013 ophunzira atsopano anachepa kwambiri moti koleji inadula bajeti yake ndi madola mamiliyoni angapo.