Ali wa 1966 ndi Tyson wa 1988: angagone pansi ndani?

Kometetsa tsitsi kwathu kuno funso ili silitha. Magetsi akangothima, makina n'kuima, anyamata amanditembenukira: "Madala, inu munaonako zakale, Muhammad Ali ndi Mike Tyson atakumana onse ali pachimake, angagwe ndani?" Ndisanatsegule pakamwa wina amakhala wayankha kale kuti tsabola wakale sawawa. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba.

Ndiyambe ndi kuulula kuti ndili ndi kamangawa. Ndili mnyamata, amayi anandituma kuchigayo, ine n'kutapako pa ndalama yogaitsira kukalipira pa vidiyo shoo, poti pachitseko analemba ndi choko kuti kuli tepi ya Tyson ndi Michael Spinks. Tinapanikizana pamabenchi, thukuta kamukamu. Akulengeza mayina ndinati nditulukeko kaye ndikataye madzi kuseri. Pobwera ndinapeza anthu aimirira akukuwa, Spinks ali chagada. Masekondi 91 basi. Mwini shoo anakana kubweza tepi m'mbuyo, anakananso kubweza ndalama, ati yemwe akufuna kuonanso alipirenso. Kunyumba ndinakafika ndi chimanga chosagaya, ndipo zomwe zinandichitikira madzulo amenewo sindizilemba pano. Kuyambira tsiku limenelo nkhonya zothera m'ndime yoyamba ndimaziona ndi diso lina.

Tigwirizane kaye anthu ake. Ali ndikunena ndi wa 1966, yemwe anasambitsa Cleveland Williams ku Houston, asanamulande lamba mu 1967 chifukwa chokana kulowa usilikali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Tyson ndi wa June 1988, usiku wa Spinks uja ku Atlantic City, Kevin Rooney adakali kumuphunzitsa. Zakuti Trevor Berbick anagonjetsa Ali mu 1981 kenako Tyson n'kuphwasula Berbick yemweyo mu 1986 musabwere nazo. Ali wa 1981 anali ndi zaka 39, thupi litatha.

Mphamvu ya chibakera: Tyson, palibe zokambirana. Kulemera: amafanana, onse sanafike makilogalamu 100. Msinkhu ndi kutalika kwa mikono: Ali, masentimita 191 pomwe mnzake 178. Miyendo: Ali.

Chomwe ndimakakamira ine ndi ichi: chimachitika n'chiyani munthu akapanda kumuopa Tyson? Nkhonya zambiri za mkuluyu zinkatha belu lisanalire. Amalowa wopanda mkanjo, kabudula wakuda, nsapato zakuda zopanda sokosi, maso ali psuu, mnzakeyo mawondo n'kuyamba kuombana. Spinks anali katswiri weniweni, anali asanagonjepo, koma taonani nkhope yake pokwera mu ring'i. Koma amene ankakana kunjenjemera, makamaka ataliatali odziwa kutosa ndi dzanja lamanzere n'kumukumbatira akayandikira, ankafika naye kutali. James Tillis anamaliza naye ndime 10 mu 1986. Tony Tucker ndi James Smith anamaliza ndime 12 aliyense mu 1987. Anagonja inde, koma njira anaionetsa.

Amene anaidutsa njirayo mpaka kumapeto ndi Buster Douglas, ku Tokyo pa 11 February 1990. Munthuyu anali atangotaya mayi ake masabata atatu m'mbuyomo, analibenso choopa. Anamutosa Tyson mpaka diso kutupa, ndipo a kukona kwa Tyson analibe n'chitsulo chomwe chopsinjira chotupa, anachita kuthira madzi ozizira mu gulovu ya labala. Douglas anagwa m'ndime ya 8, anadzuka, n'kumugwetsa Tyson m'ndime ya 10. Chithunzi chimene sichindichoka ndi cha Tyson akukwawa, akufufuza choteteza mano pansi, n'kuchiluma mopingasa. Okonda Tyson amati sanakonzekere, Rooney anali atachotsedwa, Cus D'Amato, yemwe anamulera n'kumuphunzitsa nkhonya, anamwalira kale mu 1985. Chabwino. Nanga Evander Holyfield, yemwe anamugonjetsa mu 1996 m'ndime ya 11? Nanga 1997, zinthu zitathina, n'kuthawira koluma khutu la Holyfield yemweyo? Ndipatseni nkhonya imodzi yokha imene Tyson anagwetsedwa, n'kudzuka, n'kupambana. Palibe.

Tsono muikeni Ali pamenepo. Uyu ziwopsezo ndiye chinali chakudya chake. Sonny Liston ankaopedwa ngati mmene anadzaopedwera Tyson, koma mu 1964 anakana kunyamuka pampando kuti ayambe ndime ya 7, atazunguzidwa ndi mnyamata wa zaka 22. George Foreman anafika ku Kinshasa atapambana nkhonya 40 osagonjapo, atagwetsa Joe Frazier kasanu n'kamodzi m'ndime ziwiri zokha. Pa 30 October 1974, 4 koloko m'bandakucha, Ali anatsamira zingwe, n'kumulola kuti amenye mpaka mikono ilemere, akumunong'oneza zomunyoza m'khutu, kenako n'kumugoneka m'ndime ya 8. Ndipo uyu sanali Ali wa miyendo uja, anali wa zaka 32. Ken Norton anamuthyola nsagwada mu 1973, iye n'kumaliza ndime zonse 12. Ku Manila mu 1975 anapirira ndime 14 m'chitentho choopsa mpaka Eddie Futch, mphunzitsi wa Frazier, analetsa munthu wake kupitiriza. Munthu wotereyu mungamuopseze ndi kusavala sokosi?

Kuti ndisaoneke wokondera kwambiri, pali bowo limodzi lomwe limandidetsa nkhawa. Ali ankasewera manja ali pansi, n'kumazemba pobweza mutu m'mbuyo, ndipo chibakera chamanzere chokhota chinkamupeza. Sonny Banks anamugwetsa nacho mu 1962, Henry Cooper ku Wembley mu 1963, Frazier m'ndime ya 15 ku Madison Square Garden mu 1971. Chibakera chimenechi Tyson anali nacho, chothamanga kuposa cha Frazier, ndipo Frazier ankachedwa kutentha pomwe Tyson ankayamba ndi moto. Ndime zitatu zoyambirira ndingaonere nditagwira mtima, ndipo ulendo uno sindingatuluke ngakhale chikhodzodzo chitadzaza bwanji. Ali akhoza kugwa. Koma maulendo onse atatu aja anadzuka, ndipo awiri mwa iwo anapambana.

Za malamulo anyamata amaziiwala. Nthawi ya Ali nkhonya za lamba zinali za ndime 15, ndipo Tyson sanamenyepo kupitirira ndime 12 moyo wake wonse. Mukaika 15 ndiye mwamupatsa Ali mphatso. Ngakhale pa 12, ine ndikuona Tyson akuyamba kuyenda molunjika pofika ndime ya 6, mutu wasiya kugwedezeka, akuponya chibakera chimodzichimodzi, Ali akumugwira pakhosi n'kumulankhula. Oimbira aimitsa m'ndime ya 10 kapena 11.

Wometa wathu akuti ndikulankhula chonchi chifukwa cha ndalama ya chigayo ija. Mwina. Ndamuuza kuti akandipezera nkhonya imodzi ija, Tyson atagwa n'kudzuka n'kupambana, ndidzalipira kawiri mwezi wonse. Mpaka lero akufufuzabe pa YouTube.